Chigubu ndi Mbewa za M'galasi

Mutu 5

1. Sikelo yakana

Nyumba ya nkhonya imanunkha chimodzimodzi kulikonse padziko lino, kaya ili pansi pa hotela ya nsanjika zosawerengeka, kaya ili kuseri kwa galaja ngati ya aKochi, mphunzitsi wa nkhonya wa Chigubu. Ndi fungo la thukuta, chikopa cha magolovesi ndi mafuta opaka m'mapewa. Ndipo m'nyumba iliyonse yotere muli chinthu chimodzi chimene ngakhale akatswiri amachiyandikira mwaulemu. Chinthucho ndi sikelo.

Chigubu anavula nsapato, anavula masokosi, anachotsa ngakhale kalamba komangira tsitsi, n'kukwera. Muvi unanjenjemera pang'ono, n'kukaima pomwe unaima sabata yatha, pomwe unaimanso sabata inayo: kilogalamu imodzi ndi kachidutswa pamwamba pa mzere wofiira.

Dzina lakuti Chigubu analitenga ku pulayimale, kumene anali mwana wonenepa kuposa onse, woti akakhala pa benchi anzake awiri ankasamuka. Nkhonya ndi zimene zinamusungunula. Anadumpha chingwe, anathamanga m'mawa uliwonse, anamenya thumba la mchenga mpaka zala kutupa, ndipo thupi lija linatsika anthu akuona. Dzina lokha ndi limene linakana kutsika. Iye analisiya, poti tsopano anthu ankalitchula mosamala.

Mzere wofiirawo unali malire a gulu lake. Ku mpikisano waukulu wa masukulu, gulu lililonse la kulemera linkatumiza mtsikana mmodzi yekha, ndipo m'gulu la Chigubu munali awiri: iyeyo ndi Udzudzu, mtsikana wamtali, wowonda, wa manja ofulumira ndi pakamwa pofulumira kuposa manjawo. Loweruka likudzalo onse awiri anayenera kukwera sikelo, kenako kumenyana kuti apezeke wopita. Wopitirira mzere sankaloledwa ngakhale kuvala magolovesi.

Udzudzu anasuzumira pa sikelo paja, n'kupukusa mutu ngati munthu wachisoni.

"Mwina ndi tsitsi, mnzanga. Tikumete mpala?"

Anyamata a pa thumba anaseka. Chigubu anatsika, koma aKochi anali ataona nkhope yake. Anawomba m'manja kuti onse asiye zimene ankachita.

"Tamverani nonse, osati Chigubu yekha," anatero aKochi. "Ine nkhonya ndamenya m'mizinda imene inu mumangoiona pa mapu. Ndagona m'masitima, ndadya zakudya zimene mayina ake sindikuwadziwa mpaka lero, ndipo konseko ndinaona anthu akuchita chinyengo ndi sikelo. Wina ankavala mapepala apulasitiki n'kumathamanga dzuwa lili pamutu. Wina ankalavulira m'botolo tsiku lonse. Wina ankamwa mankhwala otsegula m'mimba. Onsewo sikelo anaigonjetsa. M'bwalo ndi mmene ankagwa ngati matumba opanda kanthu. Idyani, gonani, thamangani. Njira yachidule ine sindiidziwa, ndipo ngati ine sindiidziwa ndiye kuti kulibe."

Chigubu kudya ankadya mosamala, kugona ankagona, kuthamanga ankathamanga kuposa onse m'nyumbamo. Udzudzu ankadya buledi wathunthu pamaso pa anthu osalemera ngakhale pang'ono. Chigubu anapita pa thumba n'kulimenya mpaka tcheni cha kudenga chinayamba kulira.

2. Kwa azakhali

Mawa lake atatuluka kusukulu anadzera kuntchito kwa azakhali ake, mlongo wa bambo ake, amene ankamuthandiza phunziro la sayansi. Azakhali anali wasayansi weniweni, wa chikhoti choyera, ndipo ntchito yawo inali kufufuza za mafuta a m'thupi. Chipinda chawo chinkanunkha mankhwala okolopera, mafiriji ankalira chamumtima, ndipo mbewa zoyera zinali m'timabokosi mpaka kudenga.

Tsiku limenelo anamulola kusuzumira pa zenera la chipinda cham'kati. Mbali ina munali mbewa zonenepa ngati mipira, zoyenda mokwawa. Mbali ina munali bokosi lalikulu lagalasi, lotsekeka mbali zonse, lokhala ndi magolovesi awiri aatali olowera m'kati. Mbewa za m'menemo zinali zowonda, zothamangathamanga.

Chigubu anafunsa ngati zowondazo ankazimana chakudya. Azakhali anati ayi, zonse zinkadya chakudya chimodzi chamafuta. Kusiyana kwake kunali m'matumbo: za m'galasizo zinalibe tizilombo ta m'mimba, mabakiteriya, ngakhale kamodzi.

Chigubu anaika chikwama pansi. Anafunsa kuti mabakiteriya ndi mafuta zikugwirizana pati.

"Mafuta a m'thupi si mafuta a m'botolo oti ungathire n'kutaya," anatero azakhali. "Ndi mnofu wamoyo. Maselo ake ali ngati zibaluni zazing'ono zedi. Pakati pa zibalunizo pali maselo ena amene timawatcha oyambitsa, chifukwa ndi amene amabala zibaluni zatsopano. Uli mwana unanenepa, zibaluni zinafufuma, ndipo oyambitsa aja anabala zina. Utaonda zinaphwa, koma sizinachoke. Zilipo. Ndipo zikuoneka kuti zimachedwa kuiwala zakale. N'chifukwa chake munthu amene ananenepapo amalimbana ndi sikelo kuposa mnzake. Si ulesi, ndipo si mlandu wako."

"Nanga mabakiteriyawo?"

"M'matumbo mwako alimo ambiri kuposa anthu a padziko lonse. Amagaya zimene iwe sungagaye, monga makoko a nyemba ndi ulusi wa m'masamba, n'kutulutsa zinthu zimene zimalowa m'magazi. Zinthuzo zikafika ku mafuta, maselo oyambitsa aja amamva. Uthenga wina umawakhazika pansi, wina umawautsa. Kuti bakiteriya uti amatumiza uthenga uti, ndi zimene ine ndikumerera nazo imvi m'chipinda muno, ndipo sindinamalize."

Chigubu sanachotse maso pa galasi lija. Anafunsa, ngati munthu wongocheza, kuti kodi munthu atapha mabakiteriya ake onse angakhale ngati mbewa zimenezo.

Azakhali anavula mandala, n'kumutembenuza pomugwira phewa.

"Ndakuona maso ako, mwana wa achimwene, ndipo sindinawakonde. Mbewa izi sizinaphe kanthu. Zinabadwira m'galasi momwemu. Mpweya wake ndi wosefa, chakudya chake n'chowiritsa, dothi sizinalikhudzepo. Iwe ukuziona kunja kokha, ine ndimaziona ndi m'kati momwe. Matumbo ake ndi otupa, chitetezo cha thupi lake n'chosakhwima. Nditazitulutsa masana ano, sindikudziwa ngati zingalimbe. Komanso mankhwala opha mabakiteriya sasankha. Amagwetsa abwino ndi oipa pamodzi, ndipo malo akatsala opanda mwini, amene amayamba kufikapo nthawi zambiri si amene ukuwafuna. Iwe si mbewa. Ndiwe mtsikana amene akukula. Mapewa akutambasuka, mafupa akulemera. Kilogalamu ukudana nayoyo mwina si mafuta n'komwe. Idya nyemba ndi masamba ako, thupi ulipatse nthawi."

"Nthawi ndi imene ndilibe, azakhali. Loweruka ndi ili lafikali."

"Ndiye Loweruka limeneli likupite. Lina libwera."

Chigubu anatola chikwama n'kutsanzika mwaulemu. Mawu onse aja anawasiya pakhomo la labotale. Chimene anapita nacho kunyumba ndi mbewa zowonda zikuthamanga m'galasi.

3. Botolo la pa shelefu

Bambo ake a Chigubu anali owotcherera zitsulo, opanga mageti ndi zotchingira mawindo. Masiku amenewo sankapita kuntchito, chifukwa lata linawacheka pa msongolo ndipo bala linayamba mafinya. Kuchipatala anawapatsa makapisozi, n'kuwauza kuti amwe onse mpaka botolo lithe, ngakhale bala litaoneka ngati lapola.

Chigubu anawapeza atakhala pakhonde, mwendo uli pa kampando, akuuza mnzawo wina kuti mwana wawo akamenya thumba galaja yonse imagwedezeka. Anamufunsa kuti sikelo ikuti bwanji. Iye anati ikubwera.

Botolo linali pa shelefu, pambali pa wailesi. Chigubu analitenga ngati akupukuta fumbi, n'kuwerenga pa pepala lake. Anali mankhwala opha mabakiteriya.

M'mawa mwake, bambo ali kubafa, anatsegula botolo lija. Dzanja linazengereza pang'ono. Kenako madzi anasiya kumveka kubafako, ndipo iye anameza kapisozi mmodzi wopanda madzi, wina n'kuika m'thumba la yunifomu. Tsiku lotsatira anachitanso chimodzimodzi, ndipo dzanja silinazengerezenso.

Mimba inayankha msanga. Inayamba ndi kubangula m'kalasi, anzake n'kumayang'ana pa zenera kuti mwina kukubwera mvula. Kenako inatsegula. Anapempha kutuluka kambirimbiri, mpaka mphunzitsi wa masamu anangomulozera chitseko osadikira kuti akweze dzanja. Ataona kuti muvi wa sikelo wayamba kutsika, anachepetsanso madzi akumwa kuti authandize.

Madzulo ena bambo anagwedeza botolo lija pafupi ndi khutu, n'kuseka.

"Ukalamba wandipeza, mwanawe. Zikuoneka kuti ndikumamwa kawiri n'kuiwala. Taona, atsala pang'ono kutha."

Chigubu anaseka nawo, n'kupita kukatsuka mbale.

4. Loweruka

Nyumba ya nkhonya inadzaza. Amakanika a m'galaja anasiya magalimoto ali chitsegulire n'kubwera kudzaonera, manja ali bii ndi oyilo.

Udzudzu anakwera sikelo akutafuna chingamu, n'kutsika. Chigubu anakwera. Muvi unanjenjemera, unayandikira mzere wofiira, n'kuima pansi pake. Anthu anawomba m'manja. Udzudzu anasiya kutafuna.

AKochi okha sanawombe. Anamuyang'ana milomo youma ija ndi maso olowa m'kati, n'kumufunsa chapansipansi ngati wadya ndi kumwa bwino. Iye anati inde. Anamufunsanso. Iye anati inde, n'kutambasula manja kuti amuveke magolovesi.

Belu litalira, Chigubu analowa monga mwa masiku onse, mutu pansi, mapewa patsogolo. Nkhonya yake yoyamba inafika pa nthiti za Udzudzu ndipo amakanika anakuwa. Yachiwiri inachedwa. Yachitatu inapita pamene Udzudzu anali atachokapo kale.

Magolovesi analemera ngati wina wathiramo mchenga. Miyendo inayamba kukangana yokha, wina ukufuna kutsogolo, wina kumbuyo. Zingwe za bwalo zinaoneka ziwiriziwiri. Mimba inapotokola, ndipo iye anatsitsa chigongono kuti aigwire.

Udzudzu anaponya kankhonya kamanzere, kopepuka, koti sikangagwetse botolo pa tebulo. Chigubu anakhala pansi. Anayesa kudzuka, bondo linakana, ndipo denga linazungulira.

AKochi analumpha zingwe osawerenga n'komwe mpaka khumi. Amene anayamba kufika anali Udzudzu, atagwada, akumupepesera mphepo ndi golovesi.

"Mnzanga, sindinakumenye kwambiri ayi. Chavuta n'chiyani?"

Chigubu anamva mawuwo ngati akuchokera kunja kwa mpanda. Anamvanso mawu ena, a aKochi, akuuza wina kuti abweretse galimoto, ndipo malo a ku mpikisano anapita pomwepo.

5. Bedi la pafupi ndi zenera

Chigubu anatsitsimuka bwino ali kuchipatala, diripi ili pa mkono. Azakhali anali atakhala pa mpando, chikwama chili pamiyendo.

Bambo analowa mochedwa, akutsimphina, atatsamira ndodo yachitsulo imene anadzipangira okha. Namwino amene ankasintha botolo la diripi anasiya kuyang'ana mtsikanayo n'kuyang'ana mwendo wawo. Unali utatupanso, khungu likunyezimira. Anawafunsa ngati anamwa mankhwala awo mwa ndondomeko. Bambo anati anamwa, kungoti anatha masiku ake asanakwane, ndipo mwina ndi iwowo amene anasokoneza.

Azakhali anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana pa bedi.

"Sanasokoneze," anatero Chigubu, akuyang'ana kukhoma. "Ndimamwa ndine."

Namwino anatuluka kukaitana dokotala. Bambo anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kutambasula mwendo wodwalawo mosamala.

"Mwanawe, ine ntchito yanga ndi zitsulo," anatero. "Geti likakana kulowa pa malo ake, pali anthu amene amalimenya ndi nyundo mpaka lilowe. Limalowadi, mwini nyumba n'kusangalala. Mvula ikangodutsa kamodzi, lathyoka powotcherera. Ine sindimenya. Ndimalichotsa, ndimayezanso, ndipo nthawi zina ndimapeza kuti geti lilibe vuto, chochepa ndi chipata. Iwe thupi lako walimenya ndi nyundo. Mwendo uwu usade nawo nkhawa, adokotala andipatsa mankhwala ena, upola. Chimene chikundipweteka n'china. Ndinkagwedeza botolo lija ndikudzitcha nkhalamba, iwe ukuseka nane."

Chigubu anakoka nsalu ya pabedi n'kuphimba nkhope. Bambo sanaichotse. Anangoika dzanja lawo lokhakhala pa phazi lake.

Azakhali sanakalipe, ndipo zimenezo zinali zowawa kuposa kukalipa. Anamuuza kuti chimene chinatsika pa sikelo anali madzi, ndipo diripi imeneyo inali kuwabwezera pomwepo iye akuona. Zibaluni zija sizinakhudzidwe n'komwe. Amene anavulala anali mabakiteriya ake, ndipo kuti abwerere mwakale panafunika milungu, mwina miyezi, ya chakudya chabwino ndi mimba yovutavuta.

"Ndinakuonetsa mbewa zija ngati mwana wasukulu," anatero akuimirira. "Ndinaiwala kuti ndikuonetsa munthu amene ali ndi Loweruka."

6. Gulu lina

Mimba itayamba kumvera, Chigubu anabwerera kuseri kwa galaja. Anapeza Udzudzu akuyesa jekete la timu pa galasi, akudzitembenuza uku ndi uku. Udzudzu atamuona analivula msanga n'kulibisa kumbuyo.

AKochi anamulozera sikelo ndi chibwano. Anakwera. Muvi unadutsa mzere wofiira, unadutsanso pamene unkaima kale, n'kukaima patsogolo pang'ono. Chigubu anauyang'ana nthawi yaitali. Anamva ngati aukankhe ndi phazi.

AKochi anamuitanira pakona, pamene ankapachika zingwe zodumpha. Anamuuza kuti azakhali ake anabwera ndipo anafotokoza zonse. Anati m'nyumba zina zimene iwo anaphunziramo nkhonya, munthu wonama kwa mphunzitsi wake pa tsiku la sikelo ankapeza chikwama chake chili panja. Malo a gulu lija anali a Udzudzu, ndipo nkhani imeneyo inatha.

Chigubu anagwedeza mutu, n'kuwerama kuti atole nsapato zake.

"Sindinamalize," anatero aKochi. "Vuto lina ndi langa. Ndakhala ndikukuyeza ngati mwana amene anabwera kuno chaka chatha, pamene iwe wakula ine ndikuyang'ana. Thupi limeneli si la gulu lija. Ndi la gulu lapamwamba pake. Kumeneko sudzafunika kudzimana madzi, udzadya zimene azakhali ako anene, ndipo sikelo udzakwera ine ndikakuuza basi. Koma gulu limenelo lili ndi mwini wake. Ndi mtsikana wa kalabu ya kutsidya kwa njanji, ndipo chiyambireni palibe amene anamaliza naye ndime zonse ali chiimire. Malamulo amalola kumupikisa basi yopita ku mpikisano isananyamuke. Ndamuitana kuti adzakuone. Ukakana, palibe amene akuseke. Ine ndemwe ndikanaganiza kawiri, ndipo ine sindiganiza kawiri kawirikawiri."

Chigubu anafunsa dzina lake. AKochi anati anzake amamutcha Thalakitala.

Chigubu anayang'ana nsapato zimene zinali m'manja mwake. Anayang'ana chitseko. Kenako anaziika pansi, n'kutenga magolovesi pa msomali. Anali atavala limodzi lokha pamene kuwala kwa pakhomo kunazima.

Mtsikana amene anaima pamenepo anachita kupendeka kuti mapewa alowe. Chikwama chake chinkaoneka ngati cha mwana wa mkaka. Anyamata a pa thumba anasiya kumenya, thumba n'kumagwedera lokha. Iye anayang'ana chipinda chonse mosafulumira, kuyambira kwa Udzudzu, amene anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda galasi.

"Chigubu ndi uti?" anafunsa Thalakitala ndi mawu ofatsa.

Chigubu anakweza dzanja lovala golovesi lija.